Deni tinamugulitsa kale, nanga Bilal naye apite akatipatsa ma pick awiri?

WaKuDedza_DMV analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Nkhani iyi tinakangana ndi alamu anga Lamulungu mpaka nsima inazizira patebulo, mayi akunyumba n'kutiuza kuti tikapitirize panja.

Ine ndimakhala ku Silver Spring, ku Maryland, ndipo timu yanga ya basketball mu ligi ya NBA ndi Washington Wizards. Musandiseke. Nditangofika kuno mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti kale timuyi inkatchedwa Bullets, ndiye ine mwana wa Maule ndinati basi, ndapeza kwathu. Sanandiuze kuti chikho anachigwira komaliza mu 1978, komanso kuti chichokereni 1979 sanapambanepo magemu 50 mu sizoni imodzi. Chokoma chake n'chimodzi: timu ikamaluza matikiti amatchipa. Tsiku lopuma ndimakwera Metro ya Red Line, kutsika pa Gallery Place, ndalowa mu Capital One Arena.

Mwa njira imeneyi ndinamuona Deni Avdija akukula. Tinamutenga pa nambala 9 mu draft (kusankha osewera atsopano) ya 2020 kuchokera ku Maccabi Tel Aviv, ali ndi zaka 19. Zaka zitatu zoyambirira ankatopetsa, sindibisa. Aliyense m'bwalo ankadziwa kuti athamangira kumanja, mkono wamanzere unali ngati wobwereka, ndipo akaponya ya 3, yapatali ya mapointi atatu ija, ine ndinkayang'ana kumbali. Kutchinga kokha ndiye ankatha kuyambira kale. Chaka chachinayi mwana uja anasintha: mapointi 14.7 pa gemu, ma rebound 7, ya 3 ikulowa 37 pa 100 iliyonse. Mu February 2024 anawachinya a Pelicans mapointi 43. Ndipo anali atasaina kale kontrakiti ya zaka zinayi ya madola 55 miliyoni, yomwe malipiro ake amatsika chaka ndi chaka m'malo mokwera. Mu NBA ya lero imeneyo ndi ndalama ya wosewera wapabenchi.

Usiku wa draft mu June 2024 ndili kuntchito, foni inalira: Deni wapita ku Portland. Ali ndi zaka 23. Ife tinalandira Malcolm Brogdon, pick (malo osankhira wosewera mu draft) ya nambala 14 yomwe tinatengera Bub Carrington, pick ina ya raundi yoyamba ya 2029, ndi ziwiri za raundi yachiwiri.

Kwathu ku Dedza agogo anga akanati wagulitsa msoti womwe wangoyamba kuikira kuti ugule mazira oti nkhuku ya eni ikakufungatire. Mwina aswa, mwina asukusa. Ndipo akaswa bwino kwambiri, chimene upeze ndi msoti wina, patapita zaka zinayi. Ndicho chimandipweteka. Pa nambala 14 munthu umapemphera kuti upeze wosewera ngati Deni. Ife Deniyo tinali naye kale m'khola.

Bub sindikumunyoza ayi. Ndi mwana wa ku Baltimore konkuno, wasewera magemu onse 82, walowa mu timu yachiwiri ya All-Rookie, ndipo saopa munthu. Koma Brogdon anasewera magemu 24 okha, nthawi yambiri anali atavulala. Pick ya 2029 ija mwini wake panopa ali kusekondale, mwina sanayambe n'kumeta ndevu komwe. Pomwe Deni ku Portland wamaliza ndi mapointi 16.9, ndipo gemu ya All-Star ya mu February itadutsa ankapitirira 20 pa gemu.

Anatiuza, kapena kuti tinadziuza tokha, kuti cholinga n'kuluza kuti tikapeze Cooper Flagg, mnyamata amene aliyense ankamufuna pa nambala 1, poti oluza ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu wosankha koyamba. Kuluza tinaluzadi, moti palibe angatidandaule: 18-64, November yense osapambana olo gemu imodzi, kawiri konse kuluza magemu 16 motsatizana. Pa 12 May 2025 maere a ma pick anachitika, Flagg n'kupita ku Dallas, timu yomwe mwayi wake unali 1.8 pa 100. Ife nambala 6. Tatenga Tre Johnson wa ku Texas, woponya bwino ndithu, koma si amene tinagonera njala chaka chonse.

Tsono funso langa ndi ili. Sindinamve mphekesera iliyonse, ndi mkangano wa ine ndi alamu basi. Bilal Coulibaly wathu akukwanitsa zaka 21 mwezi uno wa July 2025. Wamtali mikono, amatchinga wosewera woopsa wa timu iliyonse, mapointi 12 pa gemu, koma ya 3 siinafike ndi 30 pa 100 yomwe, ndipo sizoni inamuthera mu March chifukwa cha kuvulala kwa ntchafu. Ali pomwe Deni anali chaka chachiwiri chitatha. Chaka chamawa nthawi ngati ino ayamba kukambirana za kontrakiti yatsopano. Timu ina itabwera lero ndi ma pick awiri a raundi yoyamba, mungapereke? Alamu akuti angamunyamulire okha chikwama mpaka ku bwalo la ndege la Dulles. Ine ndikuti ayi, koma mwina ndi chilonda cha Deni chikulankhula.

AnkoloWaJozi anayankha:

Achimwene, pepani ndi nsima yozizira, koma alamu anuwo ali ndi mfundo ndipo simunawalembere mbali yawo mokwanira.

Mwasiya chinthu chachikulu. Wizards ili ndi ngongole ya pick kuchokera pa kusinthana kwa John Wall ndi Russell Westbrook mu 2020. Pick imeneyo inayenda m'manja ambiri, panopa ili ndi New York Knicks. Mu 2025 munaisunga chifukwa inali yotetezedwa (imakhalabe yanu) ikagwera mu 10 zoyambirira, mu 2026 chitetezo chitsika kufika pa 8. Tanthauzo lake, mukangokhala timu yapakatikati, yopambana magemu 33 kapena 35, playoffs simulowa, pick nayo mwapereka ku New York. Kutaya uku ndi uku. Deni ndi mtundu wa wosewera amene yekha amakuwonjezerani magemu angapo opambana, osakwana kukufikitsani kulikonse koma okwana kukuchotsani pamzere wa maere. Portland ndi Deni yemweyo yamaliza 36-46. Ndi moyo womwewo umene munakhala zaka zonse za Bradley Beal, ndipo inu nomwe munkadandaula.

Michael Winger ndi Will Dawkins, mabwana a Wizards, onse anadutsa mu ofesi ya Oklahoma City, ndiye musadabwe kuti akuphika momwe anaphunzirira kukhitchini kwa Sam Presti, bwana wa kumeneko. Ndipo mphika umenewo wangopsa kumene mwezi wathawu, Oklahoma City yatenga chikho, mwauona nokha.

Ine ndine wa Spurs, ndiye ndikuuzeni zathu. Mu June 2022 tinagulitsa Dejounte Murray ku Atlanta. Zaka 25, atangosewera kumene All-Star, wotsogola pa kulanda mipira mu ligi yonse. Ndinatukwana usiku umenewo mpaka anzanga ogona nawo nyumba anagogoda pakhomo. Tinalandira ma pick atatu a raundi yoyamba ndi ufulu wosinthana malo mu 2026. Sizoni yotsatira 22-60, maere anatikomera, tinatenga Victor Wembanyama pa nambala 1. Murray ku Atlanta anakhala zaka ziwiri zokha n'kutumizidwa ku New Orleans, koma ngongole ya ma pick Atlanta ikulipirabe: nambala 14 ya chaka chino, Carter Bryant, ndi ya iwowo, ndipo ya 2027 ikubwera yopanda chitetezo. Ndani lero angati tinalakwa?

Chinanso, nkhani ya ndalama. Wotengedwa mu raundi yoyamba amabwera ndi kontrakiti ya zaka zinayi yamtengo woikika kale, wotsika, ndipo ikatha timu imakhalabe ndi mphamvu yofananiza ndalama iliyonse imene ena angamulonjeze. Chiyambireni malamulo atsopano a 2023, aja a second apron, matimu olipira kwambiri amamangidwa manja, ndiye ana otchipa asanduka golide. Pick ndi ndalama yoti ukhoza kugulira chilichonse tsiku lililonse, siivulala bondo, siipempha kuchoka.

Za Bilal: awiri opanda chitetezo ochokera ku timu yokalamba yomwe ikupita kuphompho, ndingatenge. Awiri otetezedwa ochokera ku timu ngati Oklahoma City, omwe akagwere cha m'ma 28, ndingadule foni.

NdirandeMaule anayankha:

Mabwana, ine basketball ndayamba kuonera chaka chatha chomwechi, 2 koloko usiku magetsi akakhalapo, ndiye mundikhululukire. Mukundiuza kuti timu imagulitsa wosewera wabwino dala kuti iziluza, ndipo ikaluza imapatsidwa mphoto? Kuno timu yotere imatuluka mu Super League n'kukasewera kumabwalo a fumbi, masapota atawatsekera kale akuluakulu a timu mu dressing room. Ndiye pick yeniyeniyo ndi chiyani, ndi pepala? Munthu ungagulitse bwanji mwana amene sunamuone?

NaPhiri_Leeds anayankha:

A Ndirande, ndi pepala ndithu, kapena tinene kuti ndi malo pamzere. NBA ilibe zotuluka mu ligi, matimu ndi 30 omwewo chaka chilichonse. June aliyense amasankha anyamata atsopano ochokera ku makoleji ndi kumayiko ena, maraundi awiri, ndipo oluza ndiwo amayamba kusankha. Malo anayi oyambirira amachitira maere pakati pa matimu 14 omwe sanalowe playoffs. Chiyambire 2019 matimu atatu otsikitsitsa aliyense amakhala ndi mwayi wa 14 pa 100 wopeza nambala 1. Malo ako pamzerewo ukhoza kuwagulitsa, ngakhale a zaka zisanu ndi ziwiri kutsogolo, bola usadzisiye wopanda pick ya raundi yoyamba zaka ziwiri zotsatizana. Lamulo limenelo analiika chifukwa cha Ted Stepien, mwini Cleveland wa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, amene ankamwaza ma pick ngati mpunga wa paukwati.

Tsono Ankolo, 14 pa 100 imeneyo tiyeni tiitchule bwinobwino. Ndiye kuti ka 86 pa 100 Wembanyama amapita kwina. Inu munagula tikiti imodzi n'kuwina, ndiye mukulangiza mudzi wonse kuti ugulitse mbuzi ukagule matikiti. Detroit inali yotsikitsitsa mu 2023 ndi mu 2024, zaka zonse ziwiri inagwera pa nambala 5. Utah chaka chino 17-65, nambala 5. Spurs ikanagwera pa 5 mu 2023, nkhani ya Murray mukanaifotokoza ndi mawu ena.

Ndipo chitsanzo cha Oklahoma City anthu amachigwira kumchira. Mu 2019 iwo sanagulitse mwana. Anagulitsa Paul George wa zaka 29 amene anapempha yekha kuchoka, n'kulandira ma pick asanu, kusinthana malo kuwiri, Danilo Gallinari, ndi mnyamata wa zaka 20 amene Clippers inamuona ngati chowonjezera pa mtengo. Mnyamatayo ndi Shai Gilgeous-Alexander, MVP (wosewera wopambana onse mu ligi) wa chaka chino. Zoona, Jalen Williams anachokera pa pick ya Clippers, nambala 12 mu 2022. Koma mutu wa timu ndi mwana amene wina anamutaya msanga. Onaninso amene anakumana nawo mu Finals: Indiana ya Tyrese Haliburton, amene Sacramento inamupereka mu February 2022 ali ndi zaka 21. Matimu onse awiri a mu Finals akutsogoleredwa ndi ana amene eni ake oyamba anawalola kupita. Boston nayo, ma pick a Brooklyn aja omwe anabala Jaylen Brown ndi Jayson Tatum anawapeza pogulitsa Kevin Garnett wa zaka 37 ndi Paul Pierce wa zaka 35. Kugulitsa nkhalamba n'kulandira ma pick, palibe amatsutsa. Funso la achimwene a ku Dedza ndi lina.

Presti yemweyo tsiku limene anagulitsa mwana, tikudziwa zinatha bwanji. October 2012, James Harden, zaka 23, atangochoka mu Finals, anakanganirana ndalama. Anapita ku Houston, anasaina ya madola 80 miliyoni, 2018 MVP. Oklahoma City inapeza Kevin Martin wa chaka chimodzi, Jeremy Lamb, ndi pick yomwe inabala Steven Adams. Adams ndi munthu wolimba, ndimamukonda, koma timu ya Durant ndi Westbrook siinabwererenso ku Finals.

Ine ndine wa Philadelphia, ndiye chilonda changa n'chachikulu kuposa chanu nonse. Usiku wa draft ya 2013 bwana wa timu Sam Hinkie anagulitsa Jrue Holiday, zaka 23, All-Star, kuti apeze Nerlens Noel wovulala bondo ndi pick ya 2014 yomwe inatibweretsera Dario Šarić. Tinadya 19-63, 18-64, kenako 10-72. Tinasankha pa 3, pa 3, pa 1, pa 1. Pa anayiwo watsala Joel Embiid yekha, Okafor, Simmons ndi Fultz anapita kalekale, ndipo raundi yachiwiri ya playoffs sitinaidumphepo. Holiday ali ndi mphete ziwiri, Milwaukee 2021 ndi Boston 2024, ndipo zaka zonsezi takhala tikusakasaka wosewera wotchinga, wodekha, wodziwa kupatsira, kunena kwina Jrue Holiday.

Kuti ndisaname, Hinkie yemweyo anachitanso chimodzi cholondola. Michael Carter-Williams anali Rookie of the Year mu 2014, February 2015 anamugulitsa kuti apeze pick ya Lakers. Anthu analusa, koma mnyamatayo sanaphunzire kuponya ndipo sanafikenso pomwe anayambira. Anamugulitsa mtengo uli pamwamba. Pick ija inadzakhala Mikal Bridges mu 2018, mwana wa ku Philadelphia komweko, mayi ake akugwira ntchito ku timu yomweyo, ndipo tinamugulitsanso usiku womwewo. Musandifunse.

Ndiye kwa ine zonse zagona pa funso limodzi lomwe ife owonera pa TV sitingaliyankhe koma makochi amene amamuona Bilal m'mawa uliwonse angaliyankhe: kuponya kwake kukubwera kapena ayi? Ngati akuona kuti ndi Carter-Williams, agulitse lero anthu asanazindikire. Ngati sakudziwa, asagulitse. Wa zaka 21 sakukulepheretsani kuluza, mwaluza naye magemu 64.

AnkoloWaJozi anayankha:

Mayi Phiri mwandigwira pa tikiti, ndavomera theka. Koma kusunga Murray kunalibe ndi tikiti yomwe. Ndipo zitsanzo zanu mwasankha ana amene anadzakhala ma MVP. Amene anasungidwa ndi matimu awo mpaka mtengo unagwa, n'kudzachoka ulere, palibe amawakumbukira mayina, n'chifukwa chake simunawatchule.

WaKuDedza_DMV anayankha:

Zikomo nonse. A Ndirande, musadandaule, ine ndatha zaka ndikuonera ndipo pena zimandizungulirabe mutu. Ndikuuzeni ya gemu yomaliza ya sizoni yathayi. Tikusewera ku Miami, tikangoluza tifanana ndi Utah pa 17-65. Masekondi atha, mpira uli m'manja mwa Bub Carrington, yemwe uja wa pick ya Deni. Anauponya, belu likulira, walowa, 119-118. Anyamata akudumphadumpha, ine pa sofa ndadumpha nawo, kenako ndakhala pansi ndagwira mutu chifukwa ndakumbukira kuti kupambana kumeneko kwatisiya achiwiri kuchokera pansi, ndipo wachiwiri akhoza kutsetsereka mpaka pa 6. Patatha mwezi tinatsetserekadi mpaka pa 6. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anandifunsa kuti adadi, tawina kapena taluza? Ndinalibe yankho.

Ankolo, za ngongole ya ku Knicks mwanena zoona, ndinaisiya ndipo alamu anaitchula. Ndikuvomera kuti panali chifukwa chogulitsira Deni. Chimene sindivomera ndi mtengo. Sabata yomweyo ya June 2024 Brooklyn inalandira ma pick asanu a raundi yoyamba pa Mikal Bridges. Mwezi wathawu Memphis yalandira anayi pa Desmond Bane kuchokera ku Orlando, kuphatikizapo osewera awiri. Onsewo ndi akulu kwa Deni ndipo amadya ndalama zambiri kumuposa. Ife awiri, umodzi wake pa nambala 14 mu draft imene aliyense ankati ndi yofooka. Tikanadikira miyezi isanu ndi itatu yokha kufika February, bwenzi tikulankhula za mtengo wina. Mukagulitsa mwana amene akukwera, mumamugulitsa pa mtengo wa dzulo.

Ndipo pa Bilal ndaona kuti mfundo yanu ya ngongole ikugwira mbali yanga. Deni ankatiwinitsa magemu osafunika, chabwino. Bilal sakutiwinitsa kanthu panopa, Mayi Phiri anena kale. Ndiye kumugulitsa kungatipatse chiyani chomwe tilibe? Ana tili nawo odzaza bwalo: Alex Sarr, Bub, Kyshawn George, Tre Johnson, ndi ena akubwera. Mphindi zosewera ndi 240 pa gemu, sizichuluka chifukwa uli ndi ma pick ambiri. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ine wanga Bilal akhale, aponye ma 3 ake okhotawo chaka china, tidzaone mu April.

Koma ngati ndi awiri opanda chitetezo a Phoenix a cha m'ma 2031, Ankolo, mundiimbire kaye ndisanayankhe.

NaPhiri_Leeds anayankha:

A Phoenix ake ati, achimwene? Ya 2031 anapereka kale ku Utah mu January, ndipo za zaka zinazo inu a Washington muli nawo kale ufulu wosinthana malo kuchokera pomwe munawagulitsa Beal. Kauzeni alamu abweze chikwamacho m'nyumba, wogula palibe.